Phokoso la oyandikana nawo pa nyumba ya lendi: kuyerekeza njira zisanu ndi imodzi

Munthu amene amakhala m'nyumba yakeyake akatopa ndi phokoso akhoza kusintha mazenera, kumanga khoma lachiwiri kapena kukweza mpanda, koma walendi alibe ufulu umenewo, ndipo ndalama iliyonse imene angathire pa nyumbayo idzatsala pomwepo tsiku losamuka. N'chifukwa chake njira zimene zimayenera mwini nyumba nthawi zambiri sizimuyenera munthu amene akulipira lendi ku Ndirande, ku Kawale, ku Area 25 kapena m'maflati a m'kati mwa Blantyre. Ndakhalapo m'mdadada wa zitseko zinayi momwe ndinkadziwa nthawi imene banja la khomo lachitatu layamba kudya, ndipo ndinataya ndalama pa zinthu zosathandiza ndisanamvetse kuti funso loyamba ndi lakuti phokosolo likulowera pati, ndiponso ndani ali ndi mphamvu pa gwero lake.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Njira iliyonse ndaiyesa pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, ndipo pamenepa ndikuwerengeranso ngati chinthucho mungachinyamule posamuka. Chachiwiri ndi kupezeka kwake, kutanthauza ngati njirayo ili yotseguka kwa walendi wamba. Chachitatu ndi kusamalira, ndiko kuti zimene muyenera kumachitabe njirayo itayamba kugwira ntchito. Chachinayi ndi zoopsa zake, makamaka pa ubale wanu ndi anthu amene mumatunga nawo madzi pa mpopi umodzi.

Koma musanayerekeze, khalani usiku uwiri kapena utatu mukumvetsera, chifukwa phokoso limayenda m'njira ziwiri zosiyana. Pali lodutsa mu mpweya, monga mawu a anthu, wailesi, kulira kwa mwana ndi kuuwa kwa galu, ndipo limeneli limalowa paliponse pamene mphepo ingalowe: pansi pa chitseko, m'mipata ya zenera, m'timabowo ta mpweya tapamwamba pa zenera, ndiponso pamwamba pa khoma ngati nyumbayo ilibe siling'i. Palinso loyenda m'thupi la nyumba lenilenilo, monga mapazi a munthu wa flati yapamwamba, kukoka mipando, kusinja mu mtondo ndi kumenyetsa chitseko, ndipo limeneli limadutsa mu simenti ndi njerwa ngakhale mutatseka mpata uliwonse. Kugunda kwa besi kochokera ku bala kapena ku zokuzira mawu za tchalitchi kumachita ngati gulu lachiwirili, chifukwa mawu onenepa ngati a ng'oma yaikulu amadutsa khoma mosavuta kuposa mawu owonda ngati a mluzu. Bungwe la World Health Organization linalangiza kuti phokoso la m'chipinda chogona usiku lisamapitirire madesibelo 30 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), pamene kucheza kwa anthu awiri oyandikana kumakhala pafupifupi 60. Dziwaninso kuti kutsika ndi madesibelo 10 khutu limakumva ngati phokoso lachepa ndi theka, choncho simufunika kulithetseratu kuti mugone.

Njira yoyamba: kukambirana ndi mwini phokoso

Mtengo: palibe ndalama, koma pamafunika kuleza mtima ndi kusankha nthawi. Musagogode pa chitseko pakati pa usiku mtima uli m'mwamba, pamene mnzanuyo ali ndi alendo kapena walawako. Dikirani masana, mupatsane moni monga mwa nthawi zonse, mufunse za kunyumba, kenako munene vuto lanu ngati pempho: "Bambo a kwa Chikondi, ndabwera ndi kapempho. Mwana wathu akulemba mayeso mwezi uno, ndiye wailesi ikamalira kupitirira 10 koloko usiku akulephera kugona. Kodi simungatithandize poitsitsako nthawi imeneyo?" Pempho lotchula ola ndi chinthu chenicheni limamveka kuposa dandaulo lakuti mumasokosa. Nthawi zambiri zimene mukupempha n'zazing'ono, monga kuchotsa sipika pa khoma limene mukugawana, kuiika pa mpando wa khushoni m'malo moiika pansi, kapena kusunthira jenereta kuseri kwina magetsi akazima.

Kupezeka: njirayi ndi yotseguka pamene phokoso likuchokera kwa banja limene mumalidziwa. Pa mdadada nthawi zina zimayenda bwino amayi akakambirana okhaokha pochapa, kapena mukadzera mwa walendi wachikulire amene wakhalitsa pamalopo ndipo onse amamulemekeza. Imavuta pamene gwero lake ndi malonda, chifukwa mwini bala kapena wowotcherera zitsulo amadya kuchokera ku phokosolo.

Kusamalira: anthu amaiwala, ndipo pakatha milungu itatu wailesi imayambanso kukwera pang'onopang'ono. Muyenera kukumbutsa mwaulemu ndi kuthokoza pamene asintha. Muyeneranso kukhala okonzeka kumva za phokoso lanu, chifukwa khoma limene limabweretsa mawu awo limapititsanso anu.

Zoopsa: mukalankhula molakwika mukhoza kusandutsa vuto la wailesi kukhala udani wa pa mpopi, pa chingwe choyanikira zovala ndi pa ana. Ngati phokosolo ndi la ndewu ya m'banja, musalitenge ngati nkhani ya phokoso, chifukwa pamenepo pali munthu amene akuvulazidwa, ndipo malo oyenera ndi ofesi ya Victim Support Unit ku polisi. Ngakhale zili choncho, ndikuona kuti njirayi iyenera kukhala yoyamba pafupifupi nthawi zonse, popeza eni nyumba, mfumu ndi apolisi omwe adzakufunsani ngati munayamba mwalankhula naye.

Njira yachiwiri: kudzera kwa eni nyumba

Njira imeneyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndi imene anthu ambiri saiganizira. Mbali yoyamba ndi yakuti eni nyumba achenjeze walendi wosokosayo. Mbali yachiwiri ndi yakuti akonze nyumbayo, chifukwa m'midadada yambiri khoma logawa mabanja limathera pamene pathera njerwa za m'mbali, osafika ku malata, ndipo ngati palibe siling'i ndiye kuti mabanja onse akugona m'chipinda chimodzi chachikulu chogawidwa ndi makoma aafupi. Pa nyumba yotere palibe katani kapena kapeti imene ingathandize. Kumanga njerwa pamwamba pa khomalo mpaka kukhudza denga, n'kumata mipata yonse, ndi ntchito ya mmisiri mmodzi ya tsiku limodzi kapena awiri, ndipo imasintha zinthu kuposa china chilichonse chimene mungagule m'sitolo. Siling'i imawonjezera pamenepo, ndipo imachepetsanso mkokomo wa mvula pa malata kuyambira Disembala mpaka Malichi komanso kutentha kwa mu Okutobala.

Mtengo: kudandaula n'kwaulere. Kukonza kumafuna njerwa, simenti pang'ono, mchenga ndi malipiro a mmisiri, pamene siling'i imakwera mtengo chifukwa cha matabwa ndi mabolodi. Chizolowezi chimene chimagwira ntchito ndi chakuti walendi alipire, ndipo ndalamayo izidulidwa pa lendi mwezi ndi mwezi. Mgwirizano wotere ulembedwe ndi kusainidwa ntchito isanayambe, ndipo malisiti muwasunge, chifukwa mawu apakamwa amaiwalika mwezi ukatha.

Kupezeka: zimatheka pokhapokha inu ndi wosokosayo muli ndi eni nyumba amodzi, kapena pamene vuto lili pa kamangidwe ka nyumba yanu. M'maflati a Malawi Housing Corporation ndi a makampani oyang'anira nyumba muli ofesi yolandira madandaulo, ndipo kumeneko kalata yokhala ndi masiku ndi maola imayenda kuposa kuimba foni. Werengani mgwirizano wanu wa lendi ngati ulipo wolembedwa, chifukwa yambiri imakhala ndi ndime yoletsa walendi kusowetsa mtendere anzake.

Kusamalira: khoma likamangidwa nkhani yatha. Chenjezo lokha limafuna kulondola.

Zoopsa: nyumba ikakonzedwa, eni ake ena amakweza lendi ponena kuti tsopano ndi yabwino, choncho mgwirizano uja unenenso kuti lendi siikwera kwa nthawi yakutiyakuti. Ndipo pamene wosokosayo ndi mwana wa eni nyumba, kapena eni nyumba omwewo amene amakhala m'nyumba yaikulu pa malo omwewo, khoswe wakhala pa mkhate, ndipo dandaulo lanu likhoza kubwerera kwa inu ngati notisi yoti musamuke.

Njira yachitatu: kukonza chipinda chanu ndi zinthu zonyamulika

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika, ndiye ndikufuna ndinene mosabisa. Chimene chimatchinga phokoso ndi kulemera kwa chotchingiracho ndi kusowa kwa mipata. Zinthu zopepuka ndi zofewa zimangochepetsa kubwerezabwereza kwa mawu m'chipinda momwe zaikidwamo. N'chifukwa chake matileyi a mazira omata pa khoma satchinga phokoso la oyandikana nawo ngakhale pang'ono, ndipo amangokhala malo obisalamo mphemvu komanso chinthu chosachedwa kugwira moto. Masiponji okhala ndi timapiri amene mumawaona m'zipinda zojambulira nyimbo ali ndi ntchito yomweyo yokonza kamvekedwe ka m'kati, ndipo wogulitsa akakuuzani kuti athetsa phokoso la bala, sungani ndalama zanu.

Zimene zimathandizadi ndi izi. Tsekani mpata wa pansi pa chitseko ndi labala lokhomera kapena nsalu yokulunga yodzaza mchenga, ndipo mumate timizere ta siponji m'mbali mwa felemu kuti chitseko chizitsekeka mothina. Bwezerani magalasi osweka ndi kumata mipata ya mazenera, podziwa kuti mazenera a magalasi ang'onoang'ono osanjikizana aja satsekeka kwenikweni ngakhale mutatani. Chotsani bedi pa khoma logawana, ndipo pakhomapo muike wodilopu yodzaza zovala kapena shelefu ya mabuku. Ngati nyumba ili ndi zipinda ziwiri, gonani m'chipinda chimene chili kutali ndi gwero ngakhale chikhale chaching'ono. Makatani olemera ofika pansi amachepetsa pang'ono mawu owonda a kunja. Kapeti imathandiza kwambiri ikakhala pansi pa mapazi a wosokosayo, kotero ngati vuto ndi flati yapamwamba, kuwagulira anthu akumwambawo timalabala toika kumiyendo ya mipando n'kwanzeru kuposa kuyala kapeti kwanu.

Mtengo: kutseka mipata n'kotsika mtengo, ndipo kusuntha katundu n'kwaulere. Makatani ndi kapeti zatsopano n'zokwera, makamaka kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo katundu wochokera kunja anadula, koma za kaunjika zimagwira ntchito chimodzimodzi ndipo mudzazinyamula posamuka.

Kupezeka: zonsezi zimapezeka m'mashopu a zipangizo zomangira ndi m'misika ya ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Chilichonse chofuna kuboola khoma chimafuna chilolezo cha eni nyumba.

Kusamalira: makatani ndi kapeti zimasunga fumbi, makamaka m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo m'nyumba mukakhala munthu wa mphumu zimenezi si zazing'ono. Timizere ta siponji timamatuka ndi kutentha ndipo timafuna kusinthidwa.

Zoopsa: musatseke timabowo tonse ta mpweya, ndipo m'chipinda chotsekedwa motere musalowetse mbaula yamoto ngakhale kuzizire bwanji mu Juni, chifukwa mpweya wa makala ulibe fungo ndipo umapha anthu ali m'tulo. Komanso m'nyengo yotentha mudzakakamizika kutsegula zenera, ndipo phindu lonse la kutseka mipata limathera pomwepo.

Njira yachinayi: zotsekera m'makutu ndi fani

Mtengo: zotsekera m'makutu za siponji n'zotsika mtengo kuposa njira ina iliyonse yogula. Fani wamba amadya mawati pafupifupi 50, ndiye kuti maola 8 a usiku safika ngakhale theka la yuniti imodzi ya magetsi. Ntchito ya fani ndi kuphimba phokoso ndi mkokomo wake wosasintha, popeza chimene chimadzutsa munthu kwenikweni ndi kusintha kwadzidzidzi kwa mawu.

Kupezeka: zotsekerazo muzifunse m'mafamase ndi m'mashopu ogulitsa zodzitetezera pa ntchito. Fani amadalira magetsi a ESCOM, ndipo usiku umene magetsi azima ndi womwewo umene jenereta ya oyandikana nawo imalira. Foni yoimba mkokomo wa mvula ikhoza kulowa m'malo mwake usiku wotere.

Kusamalira: siponjiyo muifinye ikhale yopyapyala, muilowetse mutakoka khutu m'mwamba, ndipo muigwire mpaka itafufuma, chifukwa yongoikidwa pakhomo pa khutu siichita kanthu. Muzisintha kawirikawiri ndi kuzigwira ndi manja oyera.

Zoopsa: zikagwiritsidwa ntchito usiku uliwonse zikhoza kukankhira phula m'kati mwa khutu kapena kuyambitsa zilonda. Chachikulu n'chakuti simudzamva mwana akulira, wakuba akuthyola chitseko kapena mluzu wa achitetezo a m'dera, kotero m'nyumba mukhale wamkulu mmodzi wosavala. Besi imamvekabe, chifukwa imafika kudzera mu bedi ndi m'mafupa.

Njira yachisanu: mfumu, khonsolo ya mzinda ndi apolisi

Mtengo: kudandaula kulibe mtengo woikika, ngakhale kwa mfumu mwambo wa dera ukhoza kufuna kangachepe. Chimene mudzawononge ndi nthawi ndi ndalama zoyendera. Kupita kubwalo la milandu ndi loya ndi nkhani ina, ndipo kwa walendi amene akhoza kusamuka chaka chamawa sindikuona kuti n'koyenera.

Kupezeka: m'madera ngati Chinsapo, Mtandire, Bangwe ndi Ndirande, mfumu kapena mtsogoleri wa buloko ndi amene ali pafupi, ndipo amatha kuitana mbali zonse n'kugamula maola oti phokoso lizitha. Pamene gwero ndi bala, shabini, holo ya zikondwerero kapena msonkhano wa zokuzira mawu, pitani ku khonsolo ya mzinda, chifukwa ndiyo imapereka ziphaso za malonda ndi za mowa, ndipo chiphaso cha mowa chimakhala ndi maola ake. Malamulo a milandu a dziko lino ali ndi mlandu wosowetsa mtendere anthu ambiri, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, limawerengera phokoso pakati pa zinthu zoipitsa malo. Usiku weniweniwo amene angabwere ndi apolisi kapena achitetezo a m'dera.

Kusamalira: njirayi imafuna umboni ndi khama. Lembani m'kope tsiku, ola loyambira ndi lothera kwa milungu iwiri kapena itatu, jambulani phokosolo pa foni muli m'chipinda chanu, ndipo kalata yanu isainidwe ndi mabanja angapo, chifukwa dandaulo la munthu mmodzi limaoneka ngati chidani pamene la makomo khumi limaoneka ngati vuto la dera. Sungani kope la kalatayo lodindidwa, ndipo mubwerereko.

Zoopsa: nthawi zambiri phokoso limatsika kwa masiku angapo n'kuyambiranso. Dzina la wodandaula silibisika m'dera laling'ono, ndipo walendi ndi wosavuta kumuchotsa kuposa mwini malo. Nkhani ya mapemphero a usiku imafuna kusamala kwapadera, ndipo ndi bwino kuyamba mwaonana ndi abusa kapena akuluampingo n'kupempha kuti zokuzira mawu zizizimitsidwa pa ola lakuti, osati kuti mapempherowo aleke. Nyimbo za pamaliro musazidandaule kulikonse, chifukwa ndi za usiku uwiri kapena utatu ndipo tsiku lina zidzaimbidwa pakhomo panu.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kusamuka

Mtengo: iyi ndi yokwera kuposa zonse. Eni nyumba ambiri m'tauni amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, ejenti amafuna yake yokuonetsani nyumba ndi ina mukailowa, galimoto yonyamula katundu imafuna yake, ndipo nyumba imene mukusiya mwina muyenera kuipaka penti. Onjezani kusintha kwa mtunda wopita kuntchito ndi kusukulu ya ana.

Kupezeka: nyumba zabata pa mtengo womwewo n'zosowa, ndipo kawirikawiri bata limagulidwa ndi mtunda. Perekani notisi monga mwa mgwirizano wanu, imene nthawi zambiri imakhala ya mwezi umodzi.

Kusamalira: palibe, ngati mwasankha bwino.

Zoopsa: mukhoza kuthawa wailesi n'kukapeza chigayo. Ejenti amaonetsa nyumba m'mawa wa pakati pa sabata pamene dera lili zii, choncho bwererani nokha Lachisanu usiku ndi Lamlungu m'mawa. Yang'anani ngati muli siling'i, ndipo ngati ilimo funsani ngati khoma logawana limafika ku denga. Gogodani khomalo kuti mumve ngati ndi la njerwa kapena la bolodi, ndipo mufunse alendi amene mwawapeza chifukwa chimene munthu wakale anachokera. Pa mdadada sankhani khomo la kumapeto, limene limagawana khoma limodzi lokha, ndipo pa maflati sankhani yapamwamba penipeni.

Njira iti kwa ndani

Ngati mukumva mawu a banja loyandikana nalo ngati ali m'chipinda chanu ndipo mukayang'ana kumwamba mukuona malata, musagule kanthu, pitani kwa eni nyumba ndi pempho lomanga khoma mpaka ku denga pa mgwirizano wodula pa lendi. Ngati vuto ndi wailesi kapena kanema wa munthu mmodzi pa maola odziwika, kambiranani naye kawiri, ndipo kachitatu mupite ndi walendi wachikulire kapena eni nyumba, uku mutasuntha bedi ndi kutseka pansi pa chitseko. Wokhala m'flati yapansi amene akuvutika ndi mapazi ndi mipando ya kumwamba alibe chimene angamate pa denga lake n'kuthandizika, ndipo njira yake ndi kukambirana, kupereka timalabala tija, ndi kupempha ofesi kuti flati yapamwamba ikapezeka amuganizire. Namwino, mlonda kapena aliyense wogwira ntchito usiku amene amagona masana sangaletse ana kusewera kapena amayi kusinja, choncho zotsekera m'makutu, fani ndi makatani olemera ndizo zake. Phokoso la chinkhoswe, ukwati kapena maliro lipirireni ndi zotsekera zomwezo.

Pamene gwero ndi bala kapena holo imene besi yake imagwedeza mazenera mpaka mbandakucha, sonkhanitsani makomo ena, lembani maola, ndipo mupite kwa mfumu ndi ku khonsolo, koma mudziikire malire a miyezi iwiri kapena itatu ndipo m'nthawi yomweyo muzisunga ndalama ya nyumba ina. Ndipo ngati wosokosayo ndi eni nyumba kapena m'bale wawo, pemphani kamodzi mwaulemu, ndipo zikapanda kusintha yambani kufunafuna nyumba mwakachetechete, osapereka notisi mpaka mutalipira kumene mukupitako.